KALATA YOSAMVEKA NDI MLANDU WA MLEMBI

Alipo alembi ena amene maina ao sitiwadziwa, ndipo palibe anawaombera m'manja ndi kale lonse. Koma zolemba zao ziri m'nyumba zathu zonse, zocuruka kuposa mabuku a nyimbo. Ndiwo amene alemba mau a pa kapaketi ka mankhwala, a pa thumba la mbeu, a pa cikalata cokhomedwa pa mtengo ku gombe, ndi a m'kabuku kofika pamodzi ndi injini ya boti. Nchito yao ndiyo kuuza munthu macitidwe a cinthu: athire zingati, ayambe ndi citi, aleke liti. Ndi iwowa ndiri nao mau mwezi uno, ndipo si mau oyamika ai. Ndinenanso ndi inu owerenga, pakuti ambiri a inu muli alembi otere osadzizindikira. Wina ali mlembi wa komiti ya ku gombe, wina mlangizi wa za umoyo, wina mlembi wa mpingo. Ndipo pafupifupi nonse munawerengerapo mnansi wanu pepala limene iye sakhoza kuwerenga yekha.

Mau amene amveka kawirikawiri m'maofesi ndi akuti anthu a ku mudzi ngosamva, ndi kuti asodzi ndiwo aposa onse m'kuuma mutu. Tinawalembera, ati, tinawagawira mapepala, koma taonani, acita zao zomwezo. Ine ndikana. Wosamva ndiye munthu amene wadziwa cimene afunidwa kucita, nakana dala. Koma iye amene wapatsidwa pepala, naliyang'ana kumutu ndi kumiyendo, nalephera kupezamo cocita, ameneyo sanakane kanthu, pakuti sanauzidwe kanthu. Mlandu uli ndi wolemba.

Wokayika apite ku gombe la Cikombe, m'dziko la Mfumu Yaikuru Makanjira ku Salima kuno, akafunse za cilumba ca Mbenji. M'zaka za m'ma 1950, asodzi a ku Likoma atapempha malo ophera nsomba pamenepo, mfumu inaika malamulo amene asungidwa kufikira lero. Mwezi wa Disembala cilumba citsekedwa, asodzi onse nacokapo. Mwezi wa Epulo citsegulidwa pa msonkhano waukuru, anthu onse alikuona. Pa cilumbapo mowa sufika, camba sicifika, juga saichova, akazi sapondapo. Ukonde wa maso ang'ono ngoletsedwa, ndi kupha nsomba ndi nyali usiku nkoletsedwanso. Wolakwa aweruzidwa, ndipo akhoza kupitikitsidwa pa cilumba. Ca m'ma 2023 anthu ofufuza a ku Mzuzu University ndi anzao a ku Strathclyde, ku Scotland, anaulutsa zimene anapeza, kuti utaka wa pa Mbenji uli wonenepa koposa wa m'madzi ena oyandikana nao. Sindinena kuti kulibe wakuba usiku; koma asodzi omwewo ochedwa osamva asunga malamulo awa zaka zoposa 60.

Nanga amveka bwanji malamulo a pa Mbenji? Taonani mapangidwe ace. Liri lonse lichula cinthu cimene munthu acita ndi manja ace kapena ndi mapazi ace. Palibe lamulo lakuti asodzi akhale ndi makhalidwe oyenera. Liripo lakuti mowa usafike. Loyambalo munthu ali yense alimasulira monga afuna mwini, ndi woledzera yemwe adziyesa woyenera. Laciwirilo mphuno iliyesa. Nthawi yotseka ndi yotsegula idziwika. Malamulowo ngowerengeka, oti munthu awasenze m'mutu. Ndipo anenedwa poyera, m'cinenero ca anthu amene adzawasunga, pamaso pao, kotero kuti wosamvetsa akhoza kufunsa pomwepo.

Wina adzati, Iai, asunga cifukwa aopa mfumu ndi mizimu. Za nsembe zoperekedwa pa tsiku lotsegula, ife a mu mpingo tiri ndi maganizo athu; za akazi oletsedwa, amai a Cigwirizano ali ndi mafunso ao; izo nza tsiku lina. Koma mantha sakhoza kumveretsa munthu lamulo limene sanalimve. Boma nalonso liri ndi zoopsa zace, apolisi, cindapusa, kulanda maukonde. Ukamuopsa munthu ndi cikoti, osamuuza njira yoyendamo, angothawira ku chire.

Tsono tiike pambali pa malamulo aja mau a mtundu umene tiuona pa zikalata zambiri. Ndawapeka ndine, koma ali yense wa inu adzazindikira abale ao: "Pofuna kulimbikitsa kasamalidwe kokhazikika ka zacilengedwe za m'madzi, nkofunika kuonetsetsa kuti onse okhudzidwa akutengapo mbali pa nkhani yopewa kugwiritsa nchito zipangizo zosabvomerezeka." Mau 22, ndipo mulibe munthu m'menemo. Aonetsetse ndani? Okhudzidwa ndi ati? Zipangizo zace nziti, khasu kodi? Cimene mlembi anafuna kunena ndi ici: "Musaphe nsomba ndi neti ya udzudzu. Komiti ikaipeza, idzailanda." Mwana wa Sitandade 3 akhoza kuwerengera atate wace mau amenewa, atatewo nadziwa cocita.

Nthenda iyi gwero lace lidziwika. Cikalata cilembedwa poyamba m'Cingerezi, kuti cikondweretse bwana wa mu ofesi ndi mlendo wopereka ndalama. Ndipo pa tsiku lotsiriza cipatsidwa kwa munthu mmodzi kuti acitembenuze dzuwa lisanalowe. Iye, poopa kulakwira bwana, atsata liu ndi liu. Cingerezi ca m'maofesi cikonda kubisa wocita, ndi kusandutsa nchito zikhale maina atali. Cikabvekedwa nsaru ya Cicewa cioneka ngati cathu, koma mafupa ace ngacilendo. Inu alembi, tembenuzani njira. Lembani m'Cicewa poyamba, monga mukadauza mlongo wanu pakhonde. Bwana akafuna Cingerezi, amtembenuzire iyeyo, pakuti iye sadzamwa mankhwalawo, kapena kuponya ukondewo.

Koma pamene pali imfa yeniyeni ndi pa miyeso. Tonse tikumbukira kolera imene inayamba mwezi wa Malici 2022, nifalikira m'dziko lonse kufikira 2023, nipha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja analira kwambiri. Mankhwala oyamba a munthu wotsegula m'mimba ndiwo madzi a mcere ndi shuga, aja tiwacha Thanzi. Paketi imodzi isungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Mau ace ngoona. Koma ndifunsa, ndi nyumba zingati pa Cikombe ziri ndi cikho colembedwa lita? Mai ali ndi kapu, ali ndi mphika, ali ndi ndowa, ndipo mwana ali lefu pa mphasa. Akathira paketi yonse m'kapu imodzi, mcere ucuruka, ndipo madzi otere, m'malo mwa kubwezera mwana madzi a m'thupi, aonjeza kumuumitsa. Akathira m'ndowa, mankhwala asuluka, osagwira nchito yace. Mai ameneyo anamvera ndi mtima wonse. Cinamsowa ndi muyeso.

Mlembi wanzeru ayambe wayenda m'nyumba khumi, aone cotengera cimene cipezeka monsemo. Botolo la galasi la Fanta lilowa mamililita 300. Atatu sakwana lita, afunika atatu ndi limodzi la magawo atatu a botolo lacinai. Botolo la pulasitiki la madzi ogula, lija la 500, likwana lita likadzazidwa kawiri. Limenelo nlosabvuta kulongosola. Cimene wasankha acichule ndi dzina, acijambulenso. Asalembe kuti "supuni" nalekera pomwepo, pakuti iripo ya tiyi, iripo yodyera phala, ndipo agogo adzatenga cipande. Anenenso ngati ikhale yotumphuka kapena yosalazidwa. Ndi pamene buku la adokotala linena za maora 24, iye alembe kuti, Mukasungunula m'mawa uno, otsala muwataye mawa m'mawa.

Pano ndiyamike alangizi a za ulimi, pakuti ena a iwo anaidziwa nzeru iyi. Pamene anaphunzitsa kabzalidwe kaja ka Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbeu imodzi pa phando, sanasiye alimi ndi manambala okha. Anadula kamtengo ka muyeso, natenga citsekero ca botolo cikhale coyesera feteleza. Lero ndi agogo osadziwa sentimita abzala molunjika.

Ku nyanja bvuto lomweli liri pa diso la ukonde. Diso liyesedwa njira ziwiri: wina ayesa mbali imodzi, kucokera pa mfundo kufikira pa mfundo yotsatana nayo, wina alikoka diso litambasuke, nayesa utali wace wonse. Muyeso waciwiriwu uposa woyambawo kawiri. Cikalata cikangochula nambala, osanena mayesedwe ace, anthu awiri oona mtima akhoza kukangana pa mcenga kufikira kugwirana malaya, ali yense ali ndi pepala lomwelo m'dzanja. Kuonjeza apo, m'sitolo ukonde ugulidwa ndi mainci, pamene zikalata zikonda mamilimita. Inci imodzi ndiyo mamilimita 25 ndi kanthu pang'ono. Lembani zonse ziwiri. Koposa apo, jambulani diso pa pepala m'ukuru wace weniweni, kapena patsani komiti kathabwa kosemedwa pa muyeso, kuti diso limene kathabwa sikalowamo likhale lotsutsika popanda mkangano.

Comweconso ndi injini. Buku lace likanena kuti petulo ndi oilo zisanganizidwe 50:1, lanena zoona kwa makaniko, koma kwa mnyamata woyendetsa boti lanena mwambi. Mlembi awerengere yekha masamuwo, nalembe kuti, Pa thanki ya malita 25 thirani theka la lita la oilo. Pa cigubu ca malita 20 thirani mamililita 400. Masamu acitidwe pa tebulo, pamene pali pensulo ndi mtendere. Pa gombe mbandakuca palibe zimenezo.

Za nthawi ndinene mwacidule. Mankhwala a malungo ochedwa LA, amene zipatala zathu zinayamba kupereka mu 2007, amwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: tsiku loyamba kamodzi, ndi kaciwiri atapita maora 8, masiku awiri otsatawo m'mawa ndi madzulo. Kulemba kuti "kawiri pa tsiku" kokha ndiko kusiya khomo lotseguka. Ndipo muonjeze mzere umodzi wa cifukwa, wakuti munthu akaleka pakati poona kuti thupi lazizira, tizirombo totsala m'mwazi tidzaukanso. Munthu wamkuru sakonda kulamulidwa ngati mbuzi; mukamuuza cifukwa, lamulo lisanduka lace.

Cenjezo likhale patsogolo, lisanafike lamulo la kucita. Acita ciani mlembi amene alongosola masitepe asanu ndi awiri, ndipo pansi peni peni, m'timalemba tating'ono ngati nyerere, anena kuti mankhwalawa apha? Wowerenga acita nchito alikuwerenga. Pofika pansipo watha kale kugwira ndi manja. Imvani cimene cinacitika ku Iraq. Mu 1971 dziko lija linaitanitsa mbeu ya tirigu ndi barele kucokera ku Mexico ndi ku America. Mbeuyo inapakidwa mankhwala a mekyule oletsa nkhungu, niipakidwanso utoto wofiirira. Macenjezo pa matumba analipo ndithu, koma m'Cisipanishi ndi m'Cingerezi, kwa alimi olankhula Ciarabu; panalinso cithunzi ca cigaza ndi mafupa, cimene kwa ambiri a iwo sicinatanthauze kanthu. Mbeu inafika mocedwa, nyengo yobzala itapita m'madera ambiri. Anthu anaitsuka, naona utoto wacoka, nayesa kuti poizoni wacoka nao. Anapera, naphika mikate, nadyetsa ana ao. Olowa m'zipatala anali 6,530, ndi omwalira m'zipatalamo 459, osawerenga ofera kumudzi. Amene analemba pa matumba aja akadati, Ife tinacenjeza. Koma mau amodzi anasowa, m'cinenero ca wakudya: Kutsuka sikucotsa poizoni. Mbeu yathu ya cimanga yogula m'sitolo nayonso ifika yopakidwa mankhwala ndi utoto, ndipo tidziwa tonse maganizo amene afika m'nyumba mwezi wa Febuluwale, nkhokwe itapenya kumwamba.

Cina cimene sukulu inatiphunzitsa, ciyenera kuiwalika pa nchito iyi. Aphunzitsi anati polemba cimangirizo tisabwereze liu limodzi, tisinthesinthe kuti nkhani ikome. M'nthano nzabwino. M'malangizo, cinthu cimodzi cikhale ndi dzina limodzi kuyambira pamwamba kufikira pansi. Mukalemba cilimira m'mzere woyamba, musalembe khoka m'mzere wacitatu, pakuti msodzi adzayesa kuti mwayamba kunena za cina. Kwa iye cilimira, machela, kambuzi ndi nkaca ziri zinthu zosiyana monga khasu ndi nkhwangwa. Ndipo mlembi amene azicha zonse "ukonde" waulula kuti sanafike ku gombe. Momwemonso mphepo: msodzi adziwa mwera, mpoto ndi bvuma, yonse ndi makhalidwe ace. Uthenga wa pa wailesi kapena pa foni wonena za liwiro la mphepo m'makilomita pa ora uthandiza woyendetsa sitima. Wa bwato afuna kumva kuti mwera uyamba Laciwiri usiku, ndi kuti asalowe pa nyanja kufikira Lacinai.

Ndidziwa cimene ophunzira adzayankha. Adzati Cicewa ncosauka, ciribe mau a zinthu za makono. Awa ndi mau a ulesi. Mu 1892 David Clement Scott wa ku Blantyre anasindikiza buku lalikuru la mau a Cimang'anja. Mu 2000 a Centre for Language Studies ku Zomba anaturutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ndipo pakati pa zaka zimenezo, mu 1922, linaturuka Buku Lopatulika lathunthu, limene William Murray wa Misyoni ya ku Mvera ndi Nkhoma anagwirira nchito zaka zambiri pamodzi ndi anzace, Azungu ndi aphunzitsi a dziko lino. M'bukumo muli miyeso ya cihema, ya likasa ndi ya kacisi, muli malamulo a nsembe ndi a khate, zonse zolongosoledwa m'cinenero cathu. Kodi cinenero cimene cinasenza Levitiko cidzalephera kusenza pulagi ya injini? Pamene liu lathu liripo, ligwiritseni. Pamene anthu anabwereka kale, monga sopo, injini, lita, pulagi, lembani lomwelo monga alinena iwo. Musapeke liu lalitali la mu ofesi limene palibe analimva, kuti muoneke okonda cinenero. Funsani makaniko wa pa gombe dzina la citsulo ciri conse, ali nalo.

Tsono ndifike pa cacikuru, cimene cikadacitidwa, zolakwa zonse ndachulazi zikadagwidwa zisanasindikizidwe. Mlembi asayese kuti watha nchito pamene bwana wasaina. Atenge pepala lace, apite nalo kwa munthu wa mtundu umene adzaliwerenga, ampatse pamodzi ndi paketi, botolo ndi madzi, kapena ukonde ndi kathabwa, nanene kuti, Citani monga pepala linena. Atatero atseke pakamwa. Apa ndipo pabvuta, pakuti lilime liyabwa kuthandiza. Koma mlembi sadzakhalapo usiku umene mwana adzadwala, cifukwa cace asakhalepo ndi mau ace leronso. Angopenya. Pamene munthuyo waima, nabwerera m'mbuyo, nakwinya nkhope, pamenepo aikepo cizindikiro. Mzere umenewo ngwodwala. Asafunse kuti, Mwamva kodi? Pakuti munthu wa kwathu, mwa ulemu wace, adzati, Inde, tamva, angakhale sanamve. Safuna kucititsa mlendo manyazi. Ayese anthu asanu, mwa iwo mkazi wacikulire ndi mnyamata wosiyira sukulu panjira. Pa gombe lathu pali Acewa, Ayao, Atonga ndi a ku Likoma; liu lomveka kwa mmodzi likhoza kukhala lacilendo kwa mnzace, ndipo ici sicidziwika ku Lilongwe.

Aliwerengenso mokweza, pakuti mapepala ambiri kuno alowa m'makutu, wina alikuwerengera anzace khumi pansi pa mtengo. Mzere umene wowerenga sakhoza kuutsiriza ndi mpweya umodzi udulidwe pawiri. Pa masiku a Nehemiya, pamene Ezara anawerenga cilamulo pabwalo, Alevi anaima pakati pa anthu ndi kuwatanthauzira. Sanayese kuti kuwerenga kokha kwakwanira. Ulendo wa ku gombe udya ndalama, inde. Koma mapepala zikwi khumi osamveka, amene atsiriza ndi kukulunga usipa pa msika, adya zoposa.

Ndi inu owerenga, amene mulandira zikalata zimenezi, lekani kuzilandira ndi manja awiri ndi kungokhala cete. Mlangizi akafika ndi pepala losamveka, muuzeni mwaulemu pa msonkhano pomwepo kuti mzere wakuti sitinaumve, ndipo mlembi wa komiti alembe mauwo, apite nao kumene pepala linacokera. Si cipongwe ici. Mlembi wa kutali alibe njira yina yodziwira kuti walasa pambali. Ndipo inu alembi a makomiti ndi a mipingo, pa cikalata ciri conse mulembe tsiku, mwezi ndi caka, ndi dzina la komiti imene yacituma, kuti wofunsa adziwe khomo logogoda. Pokhoma catsopano, muzule cakale. Pa mitengo yambiri ya m'magombe papacikidwa malamulo a zaka zitatu zosiyana, otsutsana okha okha, ndipo wolakwa asankha limene limkomera. Malemba akhale akuru, oti munthu wa maso okalamba awaone ataima mapazi atatu. Mukhome pamene anthu aima podikira mabwato, pa msinkhu wa maso, kumbali yosalasa mvula. Ndipo za kutseka kwa cilumba zikhale zitakhomedwa ndi kuwerengedwa m'misonkhano mwezi wa Novembala usanathe, asodzi asanagule mafuta ndi ufa wa ulendo wina.